Tailosi lofiirira la amayi a bwana

Chaka cha mliri wa korona ndinkagwira ntchito m'nyumba ina ku Doha, kusamalira amayi ake a bwana. Anali nkhalamba yowonda, ya mapazi ozizira ngati madzi a mumtsuko ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Maondo anali atawakana. Ankaswali atakhala pampando, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima. Ankati mphumi yawo yaiwala pansi. Dokotala anati angathe kugwadanso, bola pansipo pasamazizire, chifukwa mwala woyala pansi m'chipinda mwawo ndi umene unkawaumitsa mafupa.

Bwana anaitana amisiri. Anagumula pansi ponse, n'kuyala timawaya totenthetsa mokhotakhota, n'kuthira simenti. Ine ndinaseka chamumtima, dziko lotentha chonchi anthu n'kumakwirira moto pansi pa nyumba. Komabe Januwale wa kuno ndinali nditamulawa kale, kamphepo kake kolowa m'mafupa.

Chinatsala n'choyala pamwamba. Kusitolo nkhalamba sinkaloledwa chifukwa cha matendawo, choncho zitsanzo zinabwera pagalimoto. Dalaivala wake anali Mmalawi mnzanga wa ku Machinga. Tinazindikirana ndi maso okha, pakamwa pali masiki.

"Achemwali, muwauze madamu kuti kapeti yokhuthala ayi," anatero akutsitsa makatoni. "Imabuloka heat yonse. Matabwa enieni amapindika. Atenge matailosi, khalas, nkhani yatha."

Anandinong'onezanso za lamulo latsopano, loti munthu angathe kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Ankauza wodziwa kale. Ntchito ina inkandidikira kuhotela ku Al Sadd, notisi nditapereka. Masiku anga m'nyumbamo anali owerengeka, ndipo ndinkafunitsitsa kuwaona atagwada ndisanachoke.

Bwana ankafuna mwala woyera wonyezimira, akazi awo ankafuna matabwa. Tsiku lina m'mawa ndinayala zitsanzozo pakhonde kuti ziwothe dzuwa pang'ono, kenako n'kuzikokera pamthunzi. Amayiwo ndinawakhazika pampando, n'kuwavula masokosi, n'kumaika phazi lawo pa chimodzichimodzi. Kwathu pansi pozira sitiyesa ndi maso, timayesa ndi chidendene. Iwo anatsinzina. Nanenso ndinavula nsapato n'kuponda.

Panali tailosi lina lofiirira, lokhakhala pang'ono, losakongola n'komwe. Linasunga kutentha mofatsa, osawotcha. Nditaliponda maganizo ananditenga, ndinapezeka ndili pakhonde la mayi anga litangoziridwa kumene, ndili kamwana, nditagona chafufumimba, tsaya lili pansi, nkhuku zikudutsa cha kumutu kwanga. Kumene maganizo anawatengera amayi a bwana sindikudziwa, koma anakhalitsako. Phazi lawo silinachoke pa tailosilo.

"Ili," anatero.

Bwana anadandaula kuti likuoneka ngati la m'khitchini ya antchito, koma mayi awo sanali munthu womubweza mawu.

Amisiri anamaliza kutatsala masiku atatu kuti ndichoke. Akulongedza zida, wamkulu wawo anachenjeza kuti tisayatse mpaka patapita milungu ingapo, apo ayi matailosi adzang'aluka. Ndinakhumudwa kwambiri. Masiku atatuwo ndinkangokolopa pansi pofiirirapo mwakachetechete, ndikumva mawaya ogona pansi pa mapazi anga, kapena ndinkangoganiza kuti ndikuwamva.

Tsiku lochoka, chikwama chili kale pakhomo, nthawi ya swala ya masana inakwana. Ndinawabweretsera mpando monga mwa masiku onse. Anaukankha ndi ndodo.

"Amayi, sanayatse," ndinatero. "Pakuzizira."

"Ndikudziwa. Yalla, tiye, ndigwire."

Ndinayala mkeka wawo wopyapyala woswalira, n'kuwagwira m'khwapa. Tinatsika limodzi pang'onopang'ono, maondo akulira, mpaka mphumi inafika pansi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Nditati ndiwadzutse, anandifinya dzanja.

"Galimoto idikire, mwana wanga."

Kunja dalaivala wa kuhotela analiza hutala kawiri. Ine ndinali chigwadire pambali pawo, misozi ikulowa m'masiki, ndikudzifunsa kuti mawa adzawadzutsa ndani.