Khala la Azakhali

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, sanakwatiwepo ndipo sanabereke. Kwathu ku Mlolo zimenezo n'zokwanira kuti munthu akhale nkhani ya pamjigo. Ali mtsikana ankawatcha mbeta. Imvi zitayamba anawakweza udindo n'kukhala chumba, ngati alipo amene anawayeza. Eni akewo analibe nazo nthawi. Anali ndi bwato lawolawo, ankatenga milamba kwa asodzi kudambo, kuwamba okha, n'kukagulitsa ku Chiromo. Ine ndinkawasirira, ndipo ndinkachita kunyada anthu akamati ndinatengera pakamwa pawo.

Chimodzi chokha n'chimene chinkawalasa. Kwathu munthu akamwalira osasiya mwana amamuika m'manda ndi khala kumsana, ati mzimu wake usabwerere kudzatseka mimba za ena. Amayi anga akagonja pokangana nawo ankathawira pomwepo: "Lankhulani, koma khala lanu likudikira." Azakhali ankangoseka. Koma tsiku lina ndinawapeza pamoto wowambira nsomba atagwira khala m'manja, akungoliyang'ana. Sanandione, ndipo ndinabwerera mtima ukundiwawa.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali ndi masiku anayi pamene mtsinje wa Ruo unasefukira. Madzi analowa m'nyumba m'mawa, tinathawira pachulu, ine ndi amayi ena asanu. Thupi langa linali moto, ndipo ndinadziwa kuti khandalo ndiligwetsa. Ndinapempha kuti wina andilandire. Onse anabweza manja kumbuyo, ngakhale apongozi anga. Sikunali kuipa mtima ayi. Khanda losatuluka m'chikuta saligwira munthu wogona ndi mwamuna, amati ndi wotentha, angalidwalitse tsempho. Ndipo onsewo anali apabanja, aja onyadira mabanja awo pamjigo.

Kenako bwato la azakhali linatulukira pakati pa mapira omira.

"Mwangoima bwanji ngati mitengo?" anakalipa.

"Tonse ndife otentha," anayankha apongozi, maso ali pansi.

"Bweretsani kuno. Ine ndinazizira kalekale, si inu nomwe mumalengeza?"

Anamanga mwanayo pachifuwa ndi chitenje chawo chonunkha utsi, anandigoneka m'bwato, n'kuyamba kupalasa. Enawo anawabwerera ulendo wachiwiri. Kumtunda, m'kalasi momwe tinasungidwa, ndinadwala milungu iwiri. Azakhali ndiwo ankamusambitsa mwanayo, kumufunditsa, kumubweretsa kubere n'kumutenganso. Akamalira usana wonse, iwo ankamuimbira nyimbo za asodzi, poti za ana sankazidziwa.

Musaganize kuti pakamwa pa anthu panatsekeka. Madzi ataphwa, dzina lija loti chumba linabwerera. Koma mtsikana wanga anakulira m'bwato limenelo. Ine ankanditi amayi, iwonso ankawati amayi, ndipo sindinamuletsepo.

Azakhali anatisiya chaka chatha, mtsikanayo ali Fomu 3. Titasambitsa thupi, mayi wina wachikulire wa kubanja kwathu analowa m'nyumba ya siwa atafumbata kanthu m'nsalu. Tonse tinadziwa. Ine wolongolola uja lilime linauma, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Amene anaimirira ndi mwana wanga.

"Agogo, chimenecho n'chiyani?"

"Ndi mwambo, mwanawe. Malemuwa sanasiye mwana."

"Nkhabe!" anakana mwa Chisena, mmene ankakanira azakhali. "Pachulu paja inunso munalipo. Anandinyamula ndani?"

Mayiyo anayang'ana apongozi anga kuti amuthandize, koma apongozi anatambasula dzanja, natenga khalalo, n'kutuluka nalo. Ndinawaona pakhomo akuliponya pamoto wophikira anthu a pamaliro.

Mwana wanga anagwada pamphasa n'kuyala chitenje chake pachifuwa cha azakhali.

"Aikeni m'bokosi mutseke tsopano," anatero. "Amayi anga apite bwino."