Dazi la a Fikri

Sobhi, wometa tsitsi wa mu mzinda wa Tanta, sankatha kujambula nkhope. Akati ajambule mphuno inkatuluka ngati mbatata. Koma pa nkhongo ndiye panalibe womuposa, pajatu moyo wake wonse ankaima kumbuyo kwa mitu ya anthu. Lolemba lililonse, tsiku limene ometa satsegula, ankajambula ndi chala pa foni nthano yake ya zithunzi n'kuiponya pa intaneti, ndipo anthu onse m'nthanomo ankakhala atafulatira. Owerenga ankati limeneli ndi luso lozama. Sobhi ankangothokoza, osawatsutsa.

Wokondedwa kwambiri m'nthanomo anali kambalame wina wabodza ndi waumbombo, wa dazi looneka ngati phazi la khanda. Dazi limeneli Sobhi sanalipeke. Analiba pamutu pa a Fikri ogulitsa nyama, mnzake wa ponda apa m'pondepo, amene mkazi wawo anamwalira kalekale.

Eni ake sankadziwa kuti ali ndi dazi. Akamaliza kuwameta, Sobhi ankapendeketsa kalilole wam'manja kuti aone m'mbali mokha, momwe tsitsi linali lowirira. Linali bodza lachikondi, ndipo linakhalitsa. Choncho a Fikri ankawerenga nthanoyo n'kumaseka mpaka misozi.

"Iwe Sobhi, dazi la munthu wako uja! Ntchentche itateraponso ingaterereke n'kuthyoka mwendo!"

Paja anyani amasekana zikundu. Sobhi ankasekera limodzi, koma mtima uli m'mwamba, poopa kuti tsiku lina ubwenzi udzathera pompo.

Ndiye a Fikri anayamba kuponya maso kwa mayi Nagat, amasiye osoka zovala. Nyama yabwino inkapita kwawo, koma mawu ofunsira ankakanirira pakhosi. Tsoka lake, mayiwo ankasokera pa khonde lam'mwamba, pamene munthu amaona mitu yonse ya mumsewu.

Tsiku lina a Fikri analowa osapereka moni, nakhala pampando.

"Mayi Nagat akuti akaponya maso pansi amaona munthu wa m'nthano yako akudula nyama. Tandigwirira kalilole."

"Aa, amwene, kaliloleyu ngwakuda, ndiyambe ndapukuta..."

"Gwira bwino, mfiti iwe. Usapendeketse."

Sobhi anagwira njakata. Anakweza kalilole uja mowongoka, ndipo phazi la khanda lija linawala pagalasi lalikulu. A Fikri analiyang'ana nthawi yaitali. Analisisita ndi chala, natembenuza mutu uku ndi uku. Sobhi anamva chisoni chenicheni, ndi manyazi omwe.

"Linayamba liti?"

"Chaka chimene tinaika mlamu."

A Fikri anapuma mozama. "Ndiye wakhala ukundinamiza."

"Ndinaona kuti maliro amodzi akukwanirani."

Kenako a Fikri anatulutsa foni, nayerekeza chithunzi ndi cha pagalasi.

"Walichepetsa. Langali ndi lalikulu."

"Ndinakumverani chisoni."

"Chisoni chako chisunge. Tamvera. Mayi aja nthano yako saiphonya. Munthu wakoyu asiye umbombo, avale bwino, akafunsire mkazi wosoka zovala. Ukakana, mutu wanga ndikaupereka kwa Girgis wa pakona, azikaumeta iyeyo."

Sobhi anakana poyamba, monga amachitira aluso onse, nati munthu woipa akalapa nthano imazizira. Koma Lolemba litafika anajambula. Wadazi uja anaima pansi pa khonde, maluwa kumanja, mwendo wa nkhosa kumanzere, ndipo khosi lake lonse linali thukuta lokhalokha. Nkhope sinafunike n'komwe, mantha onse ankaonekera pa nkhongo.

Owerenga anadandaula kuti kambalame wawo wafewa. Mawa lake a Fikri anakhala m'malo ometeramo, foni ili m'manja, kudumpha madandaulo onsewo mpaka anapeza mawu a mayi Nagat.

"Dazilo ndalizolowera, ndimaliona tsiku lililonse. Auzeni atembenuke, akwere masitepe, ndione nkhope."

A Fikri anadzuka, nakonza kolala, napempha mafuta onunkhira.

"Ndipeseko tsitsi libise pakatipo?" anafunsa Sobhi.

"Dazilo lisiye. Ndi limene lagogoda kale pakhomo pawo."