Mchere wa Aphunzitsi Mkata

Aphunzitsi Barnaba Mkata a ku Khuyu akalambira m'kalasi, akuphunzitsa za maatomu, tizidutswa tosaoneka ndi maso topanga zinthu zonse, pasukulu yopanda ngakhale kabotolo kamodzi koyesera sayansi. Zida zawo zinali mchere wopempha kwa akazi awo ndi chidutswa cha lata.

Chaka ndi chaka ankasungunula mcherewo m'kapu ya madzi, n'kufunsa mwaukali, "Wapita kuti?" Ana akati watha, iwo ankamenya tebulo. "Kutha n'chiyani? Tizidutswa take tangobalalika m'madzimo, maso anuwo ndiwo aperewera!" Kenako ankathira madziwo palata n'kuika padzuwa. Pofika masana mchere uja unkaoneka mbee, ana n'kumanyambita zala. "Mwaona? Padziko pano palibe chimene chimasoweratu."

Chaka chatha mphepo ya mwera inagubuduza panyanja bwato la Ernesto, msodzi wa ku Mbungo, pochokera ku Kobwe. Anthu anafufuza mpaka kutopa, mtembo osaupeza, ndipo anangolira maliro opanda bokosi.

Mwana wamkazi wa Ernesto, Madalo, atabwerera kusukulu anapeza phunziro lomwelo. Anayang'anitsitsa lata lija, madzi akuuma, mchere ukubwerera pang'onopang'ono. Kenako anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndamva bwinobwino. Nanga nyanjayi idzaphwa liti?"

Aphunzitsi Mkata anaika choko pansi, n'kukachotsa lata lija padzuwa.

Kuyambira tsikulo, za maatomu amangolemba pabolodi, ana n'kumakopera mwakachetechete. Lata lija anatsekera bowo pakhola la nkhuku, ndipo mchere sutulukanso m'khitchini.