M'mabuku Muja Namwino Sadwala

Chinayamba ngati kachifuwa wamba, mwezi wa Meyi, kutentha kwa ku Doha kutangoyamba. Ndinali namwino pa kachipatala kena ku Onaiza, ndipo ndinadziuza kuti ndi mphepo ya makina oziziritsa m'nyumba. Pofika Juni ndinkadzuka pilo atanyowa ndi thukuta, yunifolomu n'kuyamba kundikhwepa m'chiuno. Zizindikiro za chifuwa chachikulu ndinaziloweza ndili kusukulu ya unamwino, komabe ndinagula mankhwala a chimfine n'kukhala chete. Tonse tinkadziwa kuti mlendo akapezeka ndi nthendayi ntchito yake imakhala pa chiswe. Koma chimene ndinkaopa kutaya kwenikweni sichinali ntchito, anali Lameki.

Kuti mumvetse za Lameki, ndiyambe ndi mabuku. Kuyambira kusekondale ndinkakonda mabuku achikhristu a nkhani zachikondi, aja onena za nkhondo zakale za ku Ulaya. Nkhani yake imakhala imodzimodzi. Msilikali amabwera naye pamachira ali magazi okhaokha, namwino amamusambitsa, kumuwerengera salimo, kumugwira dzanja mpaka malungo atatsika, ndipo akachira amamufunsira mbeta pakhomo la tchalitchi chogumuka ndi mabomba. Mabuku amenewa ndi amene anandilowetsa unamwino. Popita ku Doha ndinanyamula odzaza theka la sutikesi, ndipo amayi a gulu lathu la mapemphero, lomwe linkakumana Lachisanu ku Al Khulaifat, ankabwereka mopikisana.

Lameki anali mlonda pageti la nyumba zina ku Al Waab. Chaka cham'mbuyo mwake galimoto inamupanikiza mwendo pageti pomwepo. Kwathu wodwala sagona m'chipatala popanda womudikirira, ndiye poti iye analibe mbale, ndinadzipereka ine. Tsiku langa lopuma ndinkapita kukamutsuka bala, kumudyetsa, ndi kumuwerengera limodzi la mabukuwo ndikumasulira m'Chichewa. Ankanditcha Sisitala. Atayamba kuyendera ndodo ananena kuti tikabwerera kumudzi akanditengera kwa malume ake ku Dedza. Mundiseke ngati mukufuna, koma ine yunifolomu yake ya ulonda ija ndinkaiona ngati ya usilikali.

Mu Julayi ndinatsokomola magazi dokotala wa pantchito akuona. Tsiku lomwelo anandijambula m'chifuwa, anatenga makhololo, ndipo sabata isanathe ndinali m'chipinda chandekha m'chipatala china chachikulu. Dokotala wa kumeneko anandionetsa chithunzi cha mapapo anga n'kuloza chakumanja. "Mukanabwera mu Meyi, mbali iyi ikanapulumuka," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Chipindacho chinali ndi zitseko ziwiri ndi zenera losatseguka. Aliyense wolowa ankavala chophimba kukamwa, moti kwa masabata ambiri sindinaone milomo ya munthu. M'mamawa ndinkameza mankhwala ndisanadye, mkodzo n'kusanduka wofiirira, mfundo n'kumaphwanya. Chakudya ankachisiya patebulo n'kutuluka. Nthawi ndi nthawi ankabweretsa kabotolo ka makhololo, kenako n'kudikira zotsatira, zikabwera n'kudikiranso zina. Kunja ndinkangoona fumbi ndi mabasi a antchito.

Alendo ankaloledwa bola avale chophimba. Lachisanu loyamba ndinapesa tsitsi n'kukhala pabedi ndikuyang'ana chitseko. Lameki sanabwere. Lachisanu lachiwiri foni inalira, unali uthenga wa mawu wochokera kwa Lameki. Anali atamuyeza, poti ndinamutchula pa anthu amene ndinkakhala nawo pafupi, ndipo anamupeza alibe kanthu.

"Sisitala, mwandiika pa ngozi. Kampani ikamva kuti ndimakayezedwa zimenezi, ine khalasi, kontirakiti yatha. Musandiimbirenso, pulizi. Ndikupemphererani."

Ndinaumvetsera kambirimbiri, ndikufunafuna pamene mawu ake anjenjemera. Panalibe.

Mayi Nkhoma, mtsogoleri wa amayi a gulu lathu, anaimba foni sabata yotsatira. Anapemphera mofulumira ngati akuthamangira basi, kenako anati, "Mabuku anu aja tawamanga m'jumbo, tawataya m'bini, mwana wanga. Munkatsokomolera momwemo." Ndinawauza kuti chifuwa chachikulu sichiyenda m'mapepala. Anayankha kuti, "Inu anamwino mumatero, koma taonani pamene muli." Pambuyo pake ndinamva kuti m'gululo ankanong'onezana kuti kuonda kotere si chifuwa chokha ayi. Amayi omwewo amene ankalira misozi powerenga za namwino wogona pambali pa msilikali wamafinya, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda pakhomo la chipinda changa. Zinandiwawa kuposa nthendayo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Buku limodzi linatsala m'chikwama changa cha m'manja. Ndinaliwerenga mobwerezabwereza m'chipindamo, koma tsopano ndi maso ena. Ndinkafufuza pamene namwino watsokomola, pamene wagwa, pamene wina wamusambitsa iyeyo. Sindinapeze. Amagwira ntchito pakati pa mabomba ndi matenda osadwala ngakhale mutu, tsitsi lili bwinobwino.

Amene anandisamala anali namwino wachikulire wa ku India, mayi waukali wosadziwa kuseka. Sanandiwerengere salimo, sanandigwire dzanja. Ndikameza mankhwala ankandiuza kuti nditsegule pakamwa, n'kuyang'ana pansi pa lilime ngati ndine mwana. Tsiku lina, nditatopa ndi kusanza, ndinakankha mankhwalawo n'kuyamba kulira. Anawatola, anandipatsa madzi, n'kunena kuti, "Meza kaye, ulire pambuyo. Ndili ndi odwala ena." Ndinamuda mayi ameneyu ndi mtima wonse. Koma sanaphonye m'mawa ndi umodzi womwe, ndipo ngati ndili moyo ndi chifukwa cha iye.

Chakumapeto kwa Seputembala makhololo anapezeka opanda tizilombo ndipo ananditulutsa. Kuntchito anandiuza mwaulemu kuti malo anga analowapo wina. Ndinabwerera ku Lilongwe ndi sutikesi yopepuka, n'kumalizira mankhwala pa chipatala cha kwathu. Chaka chotsatira mnzanga wina ananditumizira chithunzi cha ukwati. Lameki anakwatira mdzukulu wa Mayi Nkhoma. Pachithunzipo waima njo, wopanda ndodo, pa mwendo womwewo umene ndinkatsuka.

Lero ndili bwino. Ndinanenepa, ndikugwiranso ntchito, kungoti ndikakwera chitunda ndimapuma movutikira, chifukwa papo lakumanja lija silinabwerere mwakale. Ndilo ndinalipira posunga chinsinsi miyezi iwiri kuti ndisataye munthu amene anandisiya ndi uthenga wa pafoni.

Inu amene muli kunja, alonda, madalaivala, makamaka anamwino anzanga: chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena mukamatuluka thukuta pogona, pitani mukayezetse. Ntchito ikhoza kutha, inde, koma ntchito imapezeka ina, papo silimera lina. Musadikire wokuperekezani, ndipo musayese kuti amene munamudwazika adzakudwazikani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Buku lija ndikadali nalo, ndipo odwala anga achitsikana akalipempha ndimawabwereka. Ndimangowauza kuti aliwerenge akudziwa kuti namwino wa m'menemo sadwala, koma ife timadwala.