Wina Maso, Wina Makutu

Pakhonde la sitolo yanga panakhala amuna awiri kwa zaka zambiri, ndipo ndikanakhala wa mtima wapachala ndikanawathamangitsa kalekale. Kumanja kwa chitseko kuli a Telala ndi makina awo opalasa ndi phazi. Kumanzere kunali wosoka nsapato, amene tonse tinkangowatchula kuti a Chidendene. Kuyambira m'mawa ankangokhalira kulongolozana: ulusi wanga mwauika kuti, guluu wanu akununkhitsa nsalu za eni ake, sendezani mpandowo. Kasitomala wachilendo ankaganiza kuti lero lokha agwirana pakhosi.

A Telala ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa koma obaya, ndipo makutu awo anayamba kutseka kale. Powafotokozera za siketi umachita kukuwa ngati ukuitana munthu kutsidya kwa msewu. Tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Mowa samwa, mpira alibe nawo ntchito. Chawo ndi chimodzi basi: mafilimu a apolisi awiri aja, wina katswiri wa karate, wina wodalira pakamwa pokha, amene bwana amawakakamiza kugwira ntchito limodzi asakufunana.

Dzuwa likafika pamutu ankavundikira makina, n'kutsamiritsa foni pa chitini cha mabatani, awiriwo n'kuyandikizana mipando. A Telala mawu a m'filimu sankawamva. A Chidendene nawo maso anali kuchita mdima pang'onopang'ono, moti pafoni ankangoona mbuu. Ndiye anagawana filimu. Apolisi akamanyozana m'galimoto, a Chidendene ankafuulira mnzawo m'khutu zimene wapakamwa uja wanena, n'kuthiramo ndi zawo. Ndewu ikabuka, ntchito inali ya a Telala.

"Walumphira patebulo. Watola makwerero. Wam'tchera mwendo wadazi uja, wagwa chagada. Mnzake wabisala kuseri kwa firiji, ngati inu nomwe."

"Ameneyo ndiye wanzeru," ankayankha a Chidendene. "Akusunga mano."

Tsiku lina ndinawafunsa a Telala chimene amapezamo, poti filimu iliyonse ndi yomweyomweyo: amadana, amamenya akuba, amagwirizana. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake malaya ali ndi manja awiri.

"Mayi, ndewuyo ndi yokoma, inde, ndipo munthu umaseka. Koma taonani. Kaya atukwanane bwanji, wina akatsala m'mavuto mnzake amabwerera. Sanena zoti ndimakukonda ayi. Amangobwerera, uku akutukwanabe."

Zoti maso a mnzawo atheratu, anayamba kudziwa ndi a Telala. M'mawa uliwonse ankawalowetsera ulusi m'masingano onse n'kuwabaya pa siponji, kwinaku akung'ung'udza kuti anthu ena ulesi udzawapha. Koma nsapato zinayamba kubwezedwa, ina yomatidwa soli chopotoka, ina yosokedwa ndi ulusi wofiira pachikopa chakuda. Mwana wa a Chidendene, amene amagwira ntchito kutali, atamva anati basi, bambo akakhale kwa iye. Palibe akanamutsutsa. Ine ndemwe zinandiwawa, ngakhale fungo la guluu lija ndinkadana nalo.

Mwanayo anabwera ndi galimoto masana, awiriwo ali pakati pa filimu. Anakweza bokosi la zida ndi kampando ka bambo ake kakale, n'kunena mwaulemu kuti adikira filimu ithe. Kenako analowa m'sitolo kudzagula madzi, tinayamba kucheza.

Patapita nthawi ndinasuzumira pakhomo. Pafoni pankangokwera mayina a anthu, nyimbo yotsekera ikulira mokweza moti ndinali nditaimva kale ndili kukauntala. Koma a Telala anali adakali mkati mwa ndewu.

"Abweranso ena. Awa atulukira padenga. Wakarate uja wawayang'ana, wavula jekete."

Anali kupeka, abale. Ankadalira kuti mnzawo saona, n'kuiwala kuti wosamva pakhondepo ndi iwo okha. Nyimbo inatha, foni inazima, iwo akungogwetsabe akuba pamasitepe, maso ali pagalasi lakuda, manja akukupiza m'mwamba.

Mwana uja anayang'ana wotchi, n'kuyandikira bambo ake.

"Bambo, kodi filimuyi sinathe?"

A Chidendene sanatembenuke. Dzanja lawo linali pa bondo la a Telala.

"Nyimbo ndaimva kalekale, mwanawe, sindine gonthi," anatero chapansipansi. "Kadikire m'galimoto."

Ndiye anaweramira kukhutu kwa mnzawo n'kufuula monga mwa masiku onse:

"Inu, musamathamange. Atavula jeketeyo, zinatani?"