Chipinda chimene amayi anatsikiramo

Nyumba yathu ya njerwa tinamanga mothandizana, mabanja asanu ndi limodzi a m'mudzi mwathu kuno ku Domwe. Chaka chino tiumbira uyu, chaka chamawa uyo. Dothi ndi lathu, manja ndi athu, chogula ndi malata basi. Inali ya zipinda zitatu. Chimodzi timagona ife, china timasungamo kachewere kudikira kuti mtengo ukwere ku Kalomwe, chachitatu munkakhala aporofesora aakazi, aphunzitsi a ana athu. Kale aphunzitsi ankathawa sukulu yathu chifukwa chosowa pogona, koma awa anakhazikika, ana n'kuyamba kuwerenga.

Nyengo yachisanu amayi anga anadwala. Kanyumba kawo kaudzu kanali kamphepo, ndiye ndinawasamutsira m'chipinda cha kachewere. Ndinalakwa pamenepo? Anatsikira kulichete momwemo pakutha pa sabata ziwiri.

Tsiku lometa, amalume anandiitanira pambali.

"Mwana wa mlongo wanga, mwambo ukuudziwa. Nyumba imene munthu watsikiramo imagwetsedwa. Bwanji sunawabwezere kwawo utaona kuti mpweya ukutha?"

Ha! Ine ndinyamule mayi anga akupuma mobanika, ndikawaike pamphepo kuti ndipulumutse njerwa? Ndinapsa mtima. Mwambowo ndinkaudziwadi. Ndili mwana ndinaona nyumba zikugwa, koma zinali za mitengo ndi dothi, zoti amuna anayi amanganso sabata isanathe. Nanga iyi, tikagwetsa tikagona kuti? Mbewu tiika pati?

Ndinapita kwa akatekisita. Anati, "Mayi, kutchalitchi zimenezo kulibe." Nditatembenuka anawonjezera motsitsa, "Komabe akuluakulu musawanyoze." Basi, ndinabwerako mutu uli balala kuposa popita. Bambo a kunyumba anangoti iwo ndi mkamwini, za eni mudzi salowerera. Pomwe malatawo anakhoma okha! Aporofesora anayamba kulongedza mabuku m'katoni.

M'mawa mwake amalume anafika ndi amuna atatu, makasu paphewa. Amalumewo anazungulira nyumba kawiri, akusisita khoma. Njerwa zina anaumba ndi iwo omwe, ndipo uvuni wotsatira unali woumbira iwo. Kenaka anati, "Kodi mphasa ndi mtondo wa malemu zili kuti?"

"Zili kukanyumba kawo."

"Ndiye kwawo n'komweko. Kuno anali mlendo."

Anapita kukagwetsa kanyumba kaja. Sikanalimbe n'komwe, kanangoti phwa, fumbi kobo. Anthu anapumira m'mwamba, aporofesora anamasula katoni yawo. Ine ndinalira kuposa pamaliro. Ndinabadwira m'menemo, ndipo pakhoma panali pakadali msomali umene amayi ankakolekapo kolona. Ndinapempha kuti nyumba yanga itsale, inatsala. Nanga ndinkalira chiyani?

Mpaka lero sindidziwa ngati mwambo tinautsata kapena tinaunamiza. Ndikafunsa amalume amangoti, "Iwe, ukugona pouma, ukufunanso chiyani?" Nyumba yawo tinawamangira chaka chotsatira, ndipo anauziratu ana awo kuti akadzadwala asadzawasunthe.

Kachewere ndinabwezeramo m'chipinda chija, chifukwa kwina kulibe. Amasungika bwino, sawola. Koma ndikamapita kukatapa, dengu lili m'manja, ndimapezeka ndaima pakhomo, ndaodira. Ndiye ndimadikira pang'ono, kuti mwina ayankha.