Vinyo wa Mayi Felesta

Mayi Felesta Mbewe, mlembi wa Mvano ku mpingo wathu wa ku Armadale, mu Perth muno, sanalawepo mowa chibadwire. Ndiye tangoganizani ntchito imene anaipeza malire a boma lino atatsekedwa chifukwa cha mliri: kugulitsa vinyo mu shopu ina ku Cannington! Kumpingo ankangoti, "Ndimagulitsa zakumwa." Bodza lili pati pamenepo?

Bwana wawo, Cathy, anawaphunzitsa za botolo limene linkayenda malonda kwambiri, vinyo woyera wosakaniza mitundu iwiri ya mphesa. Mayi Felesta anaziloweza ngati katekisimu. Mphesa ina imabweretsa fungo la magalagadeya ndi udzu wongotchetcha kumene, inayo kuwawasa kwa mandimu. Amayenderana ndi nsomba yowotcha, nkhanu, kapena nkhuku yopanda tsabola wambiri. Mumtima ankaseka. Munthu wamkulu ndithu, kuvala jekete kudzagula fungo la udzu? Kwathu udzu timaotcha. Koma pakamwa pawo zinkatuluka mokoma, moti anthu ankakhulupirira kuti mayiwa amagona m'munda wa mphesa.

Mantha awo anali amodzi. Wina wa kumpingo akangowaona, bulauzi yoyera ya Mvano ija aivula basi, ndipo anali ataivala zaka makumi awiri. Choncho lamulo la masiki litabwera, anthu onse ankadandaula, iwo okha ankayamika Mulungu. Ankaonjezerapo magalasi ndi chipewa, n'kumayankhula Chingerezi cha m'mphuno.

Lachisanu lililonse masana kunkabwera bambo wina, nayenso masiki mpaka m'maso, kapusi yofika pa nsidze. Ankatenga botolo lomwelo, n'kufunsa pa Chingerezi kuti limayenda ndi chiyani. Mayi Felesta ankayimba nyimbo yawo ya mandimu ndi nsomba, bambo n'kugwedeza mutu ngati akumva ulaliki.

Kumapeto kwa Epulo 2022 boma linati masiki basi. Cathy anati makasitomala akufuna kuona mano. Lachisanu limenelo Mayi Felesta atakweza maso, kalanga ine, bambo wa kapusi uja anali a Maclean Chisale, mkulu wa mpingo, yemwe uja amalalikira za kuledzera mpaka mitsempha ya m'khosi kuima. Botolo lili m'manja.

Mayiwo anaiona bulauzi yawo ikupita.

"Musavutike, mayi," anatero a Maclean m'Chichewa, motsitsa mawu. "Ndinakudziwani tsiku loyamba lomwe. Mu Perth muno ndani wina amapereka botolo ndi manja awiri, bondo n'kupindika?"

Miyezi inayi akutuluka thukuta m'chipewa, akupotoza lilime, chonsecho manja awo omwe ndiwo ankawaulula! Zinawapweteka kuposa manyazi.

"Nanga bwanji simunanene kumpingo, abambo?"

"Ndikanati ndinakuonani kuti?"

Lamulungu a Maclean anawerenga za vinyo wonyoza munthu, maso ali kudenga. Mayi Felesta, bulauzi yawo yositidwa bwino, anati "Amen!" mokweza kuposa onse. Potuluka, pakhomo pamene akulu amapereka moni, a Maclean anawagwira dzanja nthawi yaitali ngati akuwapempherera.

"Mayi mlembi," ananong'ona, "vinyo uja ndinamuyesa ndi usipa wouma, anakana. Lachisanu mundisankhire wina."